Mlendo, Kalumo Kake ndi Shati ya pa Kaunjika

Ana inu, tisanapite patali chitani kaye ichi: pindani kolala ya shati mwavalayo, muyang'ane kansalu kakang'ono kosokeredwa kumbuyo kwa khosi. Ngati zilembo zake zinafufutika ndi kuchapa, kaoneni pa malaya a akulu anu. Ambiri mwa inu mupeza mawu akuti "Made in Bangladesh", kutanthauza kuti chovalacho chinasokedwa m'dziko la Bangladesh. Mwina amayi anachisankha pa mulu wa kaunjika ku Limbe, kwa Tsoka ku Lilongwe, kapena kwanu komweko tsiku la msika. Chisanalowe mu belo chinayamba chavalidwa ndi mwana wina ku Ulaya kapena ku America, ndipo chisanafike kwa mwanayo chinadutsa m'manja mwa mayi wina wa ku Bangladesh amene anakhala pa makina osokera kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Bangladesh ili ku Asia, moyandikana ndi India. Malo ake ndi okulirapo pang'ono chabe kuposa Malawi, koma muli anthu pafupifupi 170 miliyoni, kuwirikiza pafupifupi kasanu n'katatu chiwerengero chathu. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti dzikoli sililima thonje lokwanira. Pafupifupi lonse limachita kugula kunja. Ife thonje timalima ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima, koma shati tikuvala zawo. Zinatheka bwanji? Yankho lake likukhudza mlendo wina amene anachokera ku South Korea, ndipo kuti timumvetse mlendoyo tiyambe ndi mawu amene mumawamva kunyumba tsiku ndi tsiku, mawu akuti mpamba.

Amayi akafuna kuyamba geni ya mandasi sangayambe ndi manja okha. Pafunika ufa, shuga, mafuta ophikira, chiwaya, nkhuni ndi ndowa yoikamo mandasiwo. Ndalama yogulira zonsezi ndiyo mpamba. N'chifukwa chake mukapempha ndalama ya switi amakuyankhani kuti, "Iyi ayi, ndi mpamba." Wodya mpamba mawa sakazinga. Dziko nalo limafuna mpamba, kungoti wake ndi waukulu: nyumba za fakitale, makina, magetsi, misewu, malole. Ndipo akuluakulu pa wailesi akamati chuma cha dziko chakula, sakunena kuti boma lasindikiza makwacha ambiri ayi. Akunena kuti chaka chino anthu a m'dzikomo apanga zinthu zambiri kuposa chaka chatha: matumba a chimanga, nsomba, nyumba zomangidwa, shuga, nsapato, ngakhale maulendo a minibasi. Zonsezo akaziwerengera mtengo n'kupeza kuti zaposa za chaka chatha, ndiye kuti chuma chakula.

Vuto la dziko losauka n'lakuti mpamba umasowa. Ndalama imene anthu ambiri amapeza imathera pa chakudya, fizi, feteleza ndi mankhwala, yosunga n'kukhala yochepa. Anthu akasunga zochepa, mabanki nawo amakhala ndi zochepa zokongoza. Kuwonjezera apo, makina akuluakulu amagulidwa kunja, ndipo ogulitsawo salandira kwacha, amafuna madola. Izi ndi ndalama zakunja zija mumamva kuti zasowa magalimoto akandanda pa mzere podikira mafuta. Choncho maboma amaitana amalonda a m'mayiko ena kuti abwere ndi mpamba wawo adzatsegule ntchito. Alendo oterewa sali kutali ndi inu. Kampani ya Airtel mwini wake wamkulu ndi wa ku India, ndipo shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa amapangidwa ndi Illovo, imene gawo lake lalikulu lili m'manja mwa kampani ya ku Britain.

Tibwerere ku Bangladesh. Dzikoli linadziimira palokha mu 1971, itatha nkhondo yoopsa yolekana ndi Pakistan. Mu 1974 kunagwa njala imene inapha anthu ambirimbiri. Nthawi imeneyo chinthu chachikulu chimene ankagulitsa kunja chinali jute, mbewu ya luzi imene amapangira masaka ndi zingwe. Jute anali kwa iwo monga fodya alili kwa ife: akagwa mtengo, dziko lonse limagwira njakata.

Kunali bambo wina dzina lake Noorul Quader, amene kale ankagwira ntchito m'boma. Iye anayambitsa kampani yotchedwa Desh Garments, n'cholinga chosoka shati zogulitsa kunja. Cholinga chinali chabwino, koma m'dziko lonselo munalibe anthu odziwa kuyendetsa fakitale yaikulu ya zovala zoti wogula wa ku America angazilandire.

Kutali ku South Korea kunali kampani ina yaikulu, Daewoo, imene inayamba mu 1967 ndi malonda a nsalu ndi zovala. Nayo inali ndi vuto lake. Kuyambira mu 1974 mayiko olemera anali ndi lamulo loika malire pa kuchuluka kwa zovala zimene dziko lililonse lingawagulitse, pofuna kuteteza mafakitale awo. South Korea inali itafika pa malire ake. Daewoo inali ndi makasitomala ofuna shati, koma lamulo silinkailola kuwatumizira zina kuchokera kwawo. Bangladesh inalibe malire amenewo, poti palibe ankaganiza kuti ingasoke kanthu. Apa muone bwino, ana inu: Daewoo sinapite ku Bangladesh chifukwa cha chifundo. Inapita kukasaka phindu. Wamalonda wakunja sabwera ngati Msamariya, amabwera chifukwa waona kuti apeza kanthu, ndipo palibe cholakwika pamenepo malinga mwini mudzi akudziwa zimenezo.

Awiriwa anagwirizana. Fakitale ikhala ya Quader. Daewoo iphunzitsa antchito, ithandiza kupeza makina ndi nsalu, ndipo izigulitsa shatizo kwa makasitomala ake. Malipiro ake akhala magawo 8 pa magawo 100 alionse a ndalama za malondawo. Ndiye mu 1979 anthu 130 a ku Bangladesh anakwera ndege kupita ku fakitale ya Daewoo mu mzinda wa Busan, kumene anakhalako miyezi ingapo akuphunzira. Ena mwa iwo anali amayi, zimene zinali zachilendo kwambiri kwawoko masiku amenewo.

Mwina mukuti, kusoka shati kokha mpaka kukwerera ndege? Ngakhale telala wa pa khonde la sitolo amasoka. Zoona, koma telala amasoka shati imodzi yekha, kuyambira kuyeza mpaka batani lomaliza. Fakitale siyenda choncho. Nsalu amaiyala pa thebulo lalitali, zigawo zambirimbiri zosanjikizana, n'kuzidula zonse nthawi imodzi. Kenako zidutswazo zimayenda pa mzere wa osoka. Uyu ntchito yake ndi makolala okhaokha, winayu mikono yokha, wina matumba, wina mabowo a mabatani. Wa makolala akachedwa, mzere wonse waima, monga mmene zimakhalira popatsirana njerwa wina akagwetsa. Pafunika munthu wodziwa kuyala mzerewo kuti pasakhale wongokhala kapena wopanikizika. Pafunika wina woyendera shati iliyonse, chifukwa wogula akaitanitsa shati 10,000 za saizi imodzi amafuna zonse zifanane ngati mapasa, ndipo zikakhala zokhota misoko amabweza katundu yense. Pafunika kudziwa kulongedza, kulemba zikalata za pa doko, ndi kufikitsa katundu pa tsiku lolonjeza, poti shati za nyengo yotentha zikafika kukuzizira palibe angazigule. Nzeru zoterezi sizigulitsidwa m'sitolo, ndipo zambiri sizinalembedwe m'buku. Zimalowa m'mutu ndi m'manja munthu akaima pambali pa wodziwa, akuonerera ndi kuyesa, kulakwitsa ndi kukonza.

Anthu 130 aja atabwerera kwawo, fakitale ya Desh inayamba kusoka mu April 1980 mu mzinda wa Chittagong, umene lero amaulemba Chattogram. Chaka choyambacho inasoka shati 43,000. Anthuwo anagwira ntchitoyo msanga kwambiri moti mu June 1981 Desh inathetsa mgwirizano wake ndi Daewoo n'kumayenda yokha. Pofika mu 1987 inali ikusoka shati zoposa 2 miliyoni pa chaka.

Koma chimene chinasintha dziko si Desh yokha. Mwa anthu 130 aja, 115 anachoka pa Desh m'zaka zotsatira, n'kukatsegula mafakitale awo kapena kukayendetsa mafakitale atsopano a anthu ena. Aliyense anapita ndi zimene anaphunzira ku Busan, n'kukaphunzitsa ena, enawo n'kuphunzitsanso ena. Akulu athu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Daewoo sikanabwerere ku Korea, kanatsala m'mudzi, ndipo eni mudzi anaphunzira kusula malumo awo. Ndalama ukapatsa mnzako, iwe ulibenso. Luso silitero: wophunzitsa amatsala nalo, wophunzira naye n'kupita nalo, ngati moto wopala kwa anansi.

Boma nalo silinagone. Linalola kuti nsalu yochokera kunja izilowa popanda msonkho ngati ikudzasokedwa n'kutumizidwanso kunja. Linalolanso kuti mwini fakitale amene ali ndi chikalata cha oda kuchokera kwa wogula wakunja azitha kugula nsalu pa ngongole kudzera ku banki, n'kudzalipira shati zikagulitsidwa. Zili ngati telala amene sukulu yamupatsa oda ya mayunifolomu 200: akaonetsa kalata ya aphunzitsi aakulu, wogulitsa nsalu amamukhulupirira. Mwa njira imeneyi munthu wa mpamba wochepa ankatha kuyamba.

Lero anthu pafupifupi 4 miliyoni amagwira ntchito m'mafakitale a zovala ku Bangladesh, ndipo ambiri ndi amayi. Pa madola 100 alionse amene dzikolo limapeza pogulitsa katundu kunja, oposa 80 amachokera ku zovala. Mayi wosoka akalandira malipiro amalipira lendi, amagula mpunga ndi nsomba, amatumiza mwana ku sukulu, ina n'kutumiza kumudzi. Wogulitsa mpungayo nayenso wapeza, wopalasa njinga yonyamula anthu wapeza, ndipo wina amatsegula kafakitale ka mabatani, ka ulusi kapena ka makatoni chifukwa osoka akuzifuna. Umu ndi mmene fakitale imodzi imakokera ntchito zina, chuma n'kumakula.

Ndikanakhala wabodza ndikanathera pamenepa. Shati imene mwavalayo ndi yotsika mtengo chifukwa osoka amalandira zochepa. Pa 24 April 2013, ku Savar pafupi ndi mzinda wa Dhaka, nyumba ya nsanjika zisanu n'zitatu yotchedwa Rana Plaza inagwa. Munali mafakitale asanu a zovala. Dzulo lake anthu anali ataona ming'alu m'makoma, koma osoka anauzidwa kuti alowebe akagwire ntchito. Anthu 1,134 anamwalira, ndipo oposa 2,000 anavulala. Ambiri anali atsikana ndi amayi ngati azakhali anu. Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa a wosoka anali mataka (ndalama za kumeneko) 3,000 pa mwezi, amene sankakwana n'komwe madola 40. Mwini nyumbayo ndi eni mafakitalewo ambiri anali a m'dziko momwemo, koma zovalazo ankasokera makampani otchuka a ku Ulaya ndi ku America, amene ankafuna katundu wotsika mtengo ndiponso wofulumira. Ngoziyo itachitika, makampani oposa 200 anasaina pangano loti nyumba za mafakitale ziziyenderedwa ndi akatswiri, ndipo malipiro anakwezedwa. Zimandiwawa kuti panafunika maliro ochuluka chonchi kuti akuluakulu amve. Chuma cha dziko chikhoza kumakula pa pepala uku anthu amene akuchikulitsa akugwira ntchito pansi pa denga long'aluka.

Tsopano tiyerekeze ndi nkhani ya kwathu kuno. Ku Kayelekera, m'boma la Karonga, pansi pa nthaka pali miyala ya yureniyamu, imene mayiko ena amapangira magetsi. Kampani ya ku Australia yotchedwa Paladin inabwera ndi mpamba waukulu zedi, woposa kutali umene unayambitsa Desh, ndipo mgodi unatsegulidwa mu 2009. Boma la Malawi linapatsidwa magawo 15 pa 100 a mgodiwo, ndipo linachepetsako misonkho ina kuti kampaniyo ivomere kubwera. Anthu analembedwa ntchito, malole anayenda, madola analowa. Kenako mu March 2011 kunachitika chivomezi ndi chigumula cha m'nyanja ku Japan, zimene zinawononga malo opangira magetsi ndi yureniyamu a ku Fukushima. Mayiko anachita mantha ndi magetsi a mtundu umenewo, mtengo wa yureniyamu unagwa, ndipo mu 2014 mgodi wa Kayelekera unasiya kukumba. Antchito ambiri anabwerera kwawo. Taganizani: chivomezi cha ku Japan kuchotsa bambo wa ku Karonga ntchito! Mu 2020 kampani ina ya ku Australia, Lotus Resources, inagula gawo lalikulu la mgodiwo kuti iyambirenso.

Pali mwambi wina wonena za mlendo, ndipo nawo ndi woona: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wamalonda wakunja phindu likatha amanyamuka, ndipo ngakhale akadalipo, gawo la phindu lake amalitumiza kwawo kwa eni mpamba. Kusiyana kwa shati ndi mgodi kuli apa. Amene waphunzira kusoka akhoza kugula makina 20 n'kuyamba yekha. Amene waphunzira kuyendetsa chimakina cha mu mgodi sangatsegule mgodi wake kuseri kwa nyumba. Mgodi umafuna makina ambiri koma anthu ochepa, ndipo mwala ukakumbidwa sumeranso ngati chinangwa.

Sindikunena kuti migodi ndi yoipa. Botswana inalandira ufulu mu 1966 ili m'gulu la mayiko osaukitsitsa pa dziko lonse. Chaka chotsatira kampani ya De Beers inapeza diamondi ku Orapa. Atsogoleri a Botswana anakambirana ndi mlendoyo mosagonja, mpaka kampani yokumba, imene lero imatchedwa Debswana, inakhala ya onse awiri, theka boma theka De Beers. Ndalama zimene boma linkalandira linamangira misewu, sukulu ndi zipatala. Kumeneko mlendo sanasiye luso lofalikira ngati la kusoka, koma eni nthaka anaonetsetsa kuti gawo lalikulu la phindu litsale, ndipo sanadye mpamba.

Ndiye mukamva pa wailesi kuti kwabwera kampani yakunja ndi madola mamiliyoni akutiakuti, musangoomba m'manja chifukwa cha kukula kwa nambala. Ine ndimafuna kumva zina. Kodi ana a kuno akhala olondera pa geti ndi osesa okha, kapena aphunzitsidwa kukonza makina, kuwerengera ndalama ndi kuyang'anira anzawo? Kodi kampaniyo izigula zinthu kwa alimi ndi amisiri a kuno, kapena ngakhale tomato wa kukhitchini azichokera kunja? Kodi anthu amene achotsedwe pa minda yawo apatsidwa chiyani, nanga mtsinje umene amamwa ukhalabe woyera? Funsani aphunzitsi anu mafunso amenewa, ndipo inunso mudzawafunse mukadzakula, pakuti ena mwa inu ndi amene mudzakhale pa thebulo losainira mapanganowo. Palinso china chimene chikukhudza inu lero lomwe. Anthu 130 aja anatha kuphunzira zonsezo m'miyezi yochepa chabe chifukwa anali atapita kale ku sukulu. Ankadziwa kuwerenga malangizo, kuyeza ndi kuwerengetsa. Mlendo angabwere ndi kalumo kakuthwa chotani, ngati m'mudzi mulibe wodziwa kukagwira, amameta yekha n'kubwerera nako.

Mwina mukufuna kudziwa kuti Daewoo inathera kuti. Inakula kwambiri, n'kumapanga magalimoto, mawailesi akanema ndi sitima zapamadzi, mpaka inakhala imodzi mwa makampani aakulu kwambiri ku South Korea. Koma inadzikundikira ngongole zosaneneka, ndipo mu 1999 inagwa, zigawo zake n'kugulitsidwa kwa ena. Lamulo la malire a zovala lija, limene linaithamangitsira ku Bangladesh, nalo linatha kumayambiriro kwa 2005, ndipo ambiri ankaopa kuti mafakitale a kumeneko atsekedwa chifukwa China iwalanda makasitomala. Sanatsekedwe. Pa doko la Chattogram makontena odzaza shati, mathalauza ndi majuzi akukwezedwabe m'sitima usana ndi usiku, katundu wa madola pafupifupi 40 biliyoni pa chaka, ndipo mafakitale ambiri amene amasoka zovalazo eni ake ndi anthu a ku Bangladesh komweko.